Shati Yoyera ya Abambo ndi Baji Yanga

Ndikukumbukira Loweruka limene ndinatuluka m'nyumba mwathu ku Mbamba Bay nditabisa shati ya abambo m'dengu, pansi pa sopo ndi makala. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Azungu akulamulirabe Tanganyika, ndipo mwera unali utayamba kale kuwomba dzuwa lisanakwere.

Abambo anali telala. Anachoka ku Likoma ndi makina awo ine ndisanabadwe, n'kukhazikika pakhonde la sitolo ina pafupi ndi doko. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo za sikauti sankazifuna n'pang'ono pomwe. Kusukulu kwathu mphunzitsi wathu, Mwalimu Agnesi, anali atayambitsa gulu la atsikana a sikauti, ine n'kulowa ndi mtima wonse. M'gululo ankapereka baji kwa aliyense wokhoza mayeso a ntchito imene wasankha. Diresi labuluu la gululo anandisokera abambo omwewo, amayi atawanyengerera masabata awiri, koma polipereka anaikapo lamulo. "Iwe Esinati, ukapanda kubwera nako kabaji kakoko, diresi ili ndilidula ndimusokere Yohane makabudula awiri." Yohane anali mlongo wanga wamng'ono, ndipo kuyambira tsikulo ankaliyang'ana diresi langa ngati lake kale.

Baji imene ndinasankha inali ya kuchapa ndi kusita. Miyezi itatu ndinaphunzirira pa matumba a mchere. Ndinkapala chinangwa chachiwisi pa chitini choboolaboola ndi msomali, kufinyira m'nsalu, kudikira madziwo adikhe, kenako kuphika sitachi. Simbi ya makala ya abambo, imene anzathu akumeneko ankaitcha pasi, inandiotcha zala zonse za dzanja lamanja, ndipo chipsera chimodzi ndikadali nacho.

Vuto linabwera Mwalimu atanena kuti pa tsiku la mayeso aliyense abweretse chovala choyera chokhala ndi kolala. M'nyumba mwathu chovala chotero chinali chimodzi chokha, shati imene abambo ankavala Lamulungu powerenga mawu m'tchalitchi. Ankachapa okha, kusita okha, kuisunga okha m'bokosi. Mwamwayi, kapena mwatsoka, Lachisanu anapita ku Mpepo kukapereka zovala za ukwati, akuti abwera Loweruka masana. Amayi anatsegula bokosilo n'kundipatsa shatiyo. "Mwanawe, ikapsa iyi, tonse awiri tikwera sitima kubwerera ku Likoma," anatero, osaseka.

Wotiyesa anali Sisitere wina wachizungu wa kuchipatala cha ku Liuli, amene anabwera pa boti. Anali ndi kawotchi kolendewera pachifuwa, ndipo anatiuza kuti belu la masana likalira, botilo linyamuka, womaliza wamaliza, wotsala watsala. Tinalipo atsikana asanu, tebulo limodzi loyalidwa bulangete pansi pa mtengo wa mango.

Poyamba zonse zinayenda bwino, mwina bwino kwambiri. Ndinachapa kunyanja, kuviika mu buluu wowalitsa zovala zoyera, kuthira sitachi, kuyanika. Ndinasita kolala, manja ndi kumsana, shati ija ikuwala mpaka Sisitere anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi. Pamenepo ndi pamene mutu unakula. Kunatsala kutsogolo kokha, makala m'simbi akuyamba kuzirala. Mwalimu anatiphunzitsa kuti zikatero uzipita patali, ufulatire mphepo, uuzire pang'onopang'ono. Koma ine ndinafuna kuonetsa Mzungu mmene abambo amachitira, kuigwedeza simbi uku ndi uku ndi dzanja limodzi mpaka makala ayake. Ndinaigwedeza pomwepo, pambali pa tebulo. Mwera unanyamula phulusa lonse n'kulikhuthulira pachifuwa pa shati, pamene ndinali nditangowazapo madzi. Ndipo ine, mwa mantha, ndinapukuta ndi dzanja lomwe ndinagwira nalo makala.

Mzere wakuda unayambira pathumba kukafika pa mabatani. Mnzanga Rehema anandinong'oneza kuti, "Ipinde msanga, kutsogolo kubisike. Mzungu saitambasula." Ndinaganizadi zotero, sindibisa. Koma ngakhale Sisitere akanapanda kuitambasula, mawa lake abambo akanaitambasula. Nditatukula maso, Sisitere anali ataona kale. Anayang'ana kawotchi kake n'kundifunsa m'Chinyanja cha ku Likoma, "Nthawi yatsala pang'ono. Uchita chiyani?" Ndinanyamula shati ndi sopo n'kuthamangira kunyanja.

Mzere uja unachoka nditafikisa mpaka zala kuwawa, koma sitachi yonse inachokera limodzi. Yanga ndinali nditaimaliza, anzanga nawonso chimodzimodzi, ndipo kumunda kokazula chinangwa china kunali kutali. Shati yopanda sitachi sinali ya baji, komanso abambo akanaizindikira asanaigwire n'komwe. Nditaima pamchenga, madzi akundichucha m'zigongono, fungo lina linandipeza. Chapafupi panali maenje a madzi mmene amayi a m'mudzi ankaviikamo chinangwa cha kondowole, ndipo dzenje la amayi anga ndinkalidziwa, linali ndi mwala wofiira pamwamba. Ndinavuula zinangwa zitatu zofewa, za masiku anayi, kuzifinyira mu mpango wanga, n'kuthamanga ndi madzi oyerawo m'chitini kukawiritsa pamoto wa anzanga. Aliyense wokulira kunyanja amadziwa fungo la chinangwa choviika. Ine ndinalidziwa bwino lomwe, koma njira ina panalibe.

Mphepo imene inandiwonongera ndi yomwe inandiumitsira. Ndinaikoleka shati pa nsungwi n'kuikweza m'mwamba ngati mbendera, mikono ikuphwanya, maso ali pa mnyamata wa belu amene anali atayamba kale kuzungulirazungulira pafupi ndi chingwe. Anzanga onse anali atamaliza, atakhala pansi. Ulendo uno makala ndinakauzira kuseri kwa sukulu, nditafulatira mphepo monga mwana womvera. Ndinasita kolala, manja, kumsana, thukuta ndikupukutira paphewa kuti lisagwere pansalu. Belu linayamba kulira ndikudutsa pakati pa mabatani omaliza, ndipo linasiya ndikupinda dzanja lachiwiri.

Sisitere anaitambasula yonse, kusonyeza kuti Rehema akanandiponya m'dzenje. Anaiyang'anitsa padzuwa, kupinda kolala ndi chala, kenako n'kuiyandikiza kumphuno. Nkhope inakwinyika. Mwalimu Agnesi anamufotokozera motsitsa mawu, akuloza kunyanja. Oyendetsa boti anali akukuwa kugombe. Kenako Sisitere anatulutsa m'chikwama kansalu kozungulira kojambulidwa simbi. "Shati yayera ndipo yauma gwa," anatero. "Fungoli sindinaliphunzire kwathu. Koma mwana uyu anawononga, sanabise, anayambiranso. Tenga." Anzanga anaomba m'manja.

Komatu woyesa weniweni anali kunyumba. Ndinapeza abambo atafika kale, atakhala pakhonde, bokosi lili chitsegukire m'nyumba. Amayi ankasinja mumtondo momwe ndikukhulupirira kuti munalibe kanthu. Ndinagwada n'kupereka shati ndi manja awiri, baji ili pamwamba. Anaitambasula, kuyendetsa chala m'mphepete mwa kolala, kuyang'ana pachifuwa nthawi yaitali, kenako kununkhiza.

"Cha m'dzenje?"

"Inde, bambo."

"Unagwedeza simbi moyang'ana mwera."

"Inde, bambo."

"Kavule diresilo ubwere nalo."

Ndinalowa m'nyumba misozi ili m'maso, Yohane akumwetulira pakhomo. Nditabweretsa diresi, abambo anatenga sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu, ine n'kutsinzina. Ndinamva kuti khwepu, kamodzi kokha. Anali atadula ulusi. Anakhala pansi n'kusokerera baji ija padzanja la diresi, osati ndi makina koma ndi singano, timisoko ting'onoting'ono ngati timene ankasungira madiresi a akwatibwi. Atamaliza anangoti, "Kolala imeneyi waisita kuposa ine."

Mawa lake anaivala shatiyo osaichapanso. Anaima kutsogolo kwa tchalitchi n'kuwerenga mawu mosathamanga, amayi a pa benchi yoyamba akununkhizanunkhiza ndi kuyang'anana, kufunafuna amene wabwera ndi kondowole m'nyumba ya Mulungu. Yohane anavala kabudula wake wazigamba chaka chonsecho.

Masiku ano adzukulu anga amasita ndi magetsi, sitachi yake yochita kupopera kuchokera m'chitini, yonunkhira maluwa, ndipo magetsi akazima amangovala zokwinyika n'kumapita. Sindiwadzudzula kwambiri, zala zawo zilibe zipsera. Baji ija inatayika kalekale posamukasamuka, ndipo abambo anagona zaka zambiri zapitazo, atavala shati yoyera imene ndinasita ine. Koma ndikapita kunyanja n'kudutsa pamene amayi aviika chinangwa, anzanga amagwira mphuno n'kufulumira. Ine ndimaima kaye.