Bokosi la Buluu pa Chigafa cha Fodya

Bokosi lija linali la buluu, la lamba wakuda, ndipo adokotala sankalola wina kuwanyamulira. Ana tonse a pa esiteti tinkakhulupirira kuti amasungiramo magazi a anthu. Amene anatiuza sindikumukumbuka.

Inali nyengo yosoka fodya. Makolo anga anali matenanti kufupi ndi Nambuma, ndipo chaka chimenecho chikuku chinalowa nyumba ndi nyumba. Mng'ono wanga, amene anali asanayambe kuyenda, anatentha thupi, maso ake psuu ngati wathiridwa tsabola. Azimayi ankati mwana wa chikuku akabayidwa jakisoni, nthenda imabwerera m'kati n'kumupha. Choncho galimoto ya chipatala itamveka kumsewu, amayi anandibereketsa mwanayo mwachangu.

"Thamangira m'chigafa. Asalire, wamva?"

Ndinanjuta kuseri kwa masamba olendewera. Fungo la fodya linkandikanda kukhosi. Kumsana kunkandiotcha ngati ndabereka mbaula. Mwana atayamba kutsokomola, ndinamutembenuzira kutsogolo n'kumuphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Lero ndili ndi mwana wangawanga, ndipo ndikakumbukira dzanja langa pakamwa paja, thupi lonse limachita tsembwe.

Kenaka ndinaona nsapato zamatope pansi pa masamba, ndi bokosi lija.

"Odi m'chigafamo."

Anali mawu achizimayi, a adokotala aja. Ndinali ndisanamvepo munthu akuodira pa chigafa. Mkodzo unanditsika m'miyendo. Adokotala sanalowe. Anakhala pansi pakhomo, n'kutsegula bokosi, kulilozetsa kwa ine.

"Pisa dzanja, uone magazi amene mumanena aja."

Ndinapisa nditatsinzina. Munali mozizira kwambiri moti zala zinandiwawa. Munali timabotolo basi.

"Mng'ono wakoyo akupuma ngati wathamanga, eti? Tuluka naye kuno, mwanawe. Fodyayu akumumaliza."

Ndikutuluka, amayi anafika akuthamanga, mpango uli m'manja. Ndinkati andimenya. Koma adokotala anawagwadira pamatope pomwepo.

"Mayi, jakisoni wa m'bokosimu si wa uyu, ndi wa ana amene sanadwale. Uyu chifuwa chamugwira. Tiyeni naye kuchipatala, mukamufungatire nokha. Ine sindikulandani."

Amayi anayang'ana bambo. Bambo ankayang'ana singano yosokera fodya imene inali m'manja mwawo. Amayi anatenga mwanayo m'manja mwanga, n'kukakwera galimoto.

Mng'ono wanga anabwerako atawonda, koma wamoyo. Pano ndi amene amandiperekeza ku sikelo, chifukwa ine pamaso pa anamwino mawu amandithawa. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti adokotala aja anasiya dala chipatala chachikulu m'tauni n'kuyamba kuyenda m'midzi ndi m'maesiteti. Akuti anatopa kulandira ana atatha kale.

Pali chimodzi chimene ndinaona tsiku lija galimoto isananyamuke. Adokotala anazungulira kuseri kwake, n'kutsamira chitseko. Lamba wa bokosi anawapulumuka m'manja. Ndinaganiza kuti akwiya nafe, ndipo ndinathawiranso m'chigafa. Sindinkadziwa kuti asanafike kwathu anali atalowa m'chigafa china, kwa anzathu a kumunsi, n'kupezamo mwana amene sankatsokomolanso.