Imvi za Aling Onsing

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi mbiri ya azakhali anga, Leoncia Almazan, amene tonse tinkawatcha Aling Onsing. Ndalemba n'kung'amba katatu, chifukwa inenso ndili m'gulu la anthu amene anawakhumudwitsa.

Anabadwira m'banja la osema zifaniziro za oyera kuno ku Laguna. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu ankadziwa kale mtengo wouma bwino pongougogoda. Koma pakhomopo ntchito ya mtsikana inali kukwecha zifanizirozo ndi kuzipaka utoto basi. Tsiku lina mlongo wawo Gorio, amene ndi bambo anga, yemwe ankamutcha Kuya, kutanthauza achimwene, anawapeza atagwira tchizulo.

"Iwe, siya chimenecho! Ukadula chala adzakukwatira ndani?"

"Kuya Gorio, ndikufuna kusema nkhope ya Amayi Maria, idzayende pa mdipiti wa Lachisanu Loyera."

"Nanenso ndikufuna kukhala Papa. Tenga sandipepa uko."

Azakhali anakwatiwa ndi dalaivala wa jipi yonyamula anthu, yemwe anamwalira msanga n'kuwasiyira ana anayi. Anawalera pogulitsa makeke a mpunga pachipata cha tchalitchi. Ankachapa nsalu za paguwa, kusambitsa odwala, ndipo Misa ya m'mawa sankaiphonya. Koma kukhala phee sankatha. Ankatola zidutswa za mitengo zotayidwa, kusema nkhope kuseri kwa nyumba, n'kuziponya pamoto zikapanda kuwasangalatsa. Ali achitsikana tinkati, dikirani ana akule. Ana atakula tinkati, mwakalamba, pumani. Iwo ankangoti, "Mulungu sangandiyabwitse manja chonchi zaka zonsezi n'kundimana mtengo."

Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, madzi a namondwe analowa m'tchalitchi n'kuwononga chifaniziro chathu cha Amayi Achisoni. Komiti inaitanitsa chatsopano ku Manila. Azakhali anayamba kusema chawo osapemphedwa, ndipo zinawatengera miyezi isanu ndi iwiri.

Mukudziwa kuti zifaniziro za mdipiti zimavala tsitsi lenileni, limene akazi amalisunga zaka zambiri chifukwa cha lonjezo kwa Mulungu, ndipo chopanda tsitsi sichituluka panja. A komiti anachita manyazi kuwakana poyera. Anangoti, "Pezani tsitsi, tidzaona," kenako aliyense anakaletsa ana ake kupereka tsitsi. Azakhali anayenda khomo ndi khomo Lenti yonse. Pomaliza anafika kwa ine. Langa linkafika m'chiuno, lakuda bii.

"Mila, mwana wa achimwene, watsala iwe wekha."

"Pepani azakhali, ndinalilonjeza kale kwina."

Linali bodza. Ndinkaopa kuti anthu adzaseka chifanizirocho, n'kusekanso tsitsi langa. Anandiyang'ana, n'kutsanzika bwinobwino, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Lachinayi Loyera m'mawa anafika ku tchalitchi atamanga duku, chifaniziro chawo chitafunditsidwa nsalu. Cha ku Manila chinali chitaima kale pomwepo, chosalala ngati namwali wa ukwati. Atavundukula chawo, tonse tinangoti kukamwa yasa. Amayi Maria anali ndi imvi zokhazokha. Azakhali anali atameta mutu wawo wonse.

Wapampando wa komiti, Mang Doroy, anaseka. "Aling Onsing, mwatibweretsera gogo? Amayi Maria imvi anazitenga kuti?"

"Mwana wawo anaphedwa iwo akuona, Doroy. Iwenso unaika mwana wako m'manda chaka chatha. Tayang'ana mutu wa mkazi wako."

Mkazi wa Mang Doroy anatuluka pagulu, n'kugwira dzanja la chifanizirocho, ndipo sanalisiyenso. Anabwera amayi ena, ambiri a iwo oferedwa, n'kuchizungulira. Bambo Mfumu anaona okha m'mene zinthu zinalili, ndipo anatuma munthu kukatenga madzi odalitsa kuti adalitse chifaniziro cha azakhali.

Lachisanu chinayenda pa mdipiti. Azakhali ankatsatira pambuyo opanda nsapato, duku litagwa m'njira, mpala uli pamtunda, iwo osalabadira. Pobwerera, bambo anga, maso atafooka kale, anapapasa nkhope ya chifanizirocho ndi zala nthawi yaitali.

"Onsing, anakuphunzitsa ndani?"

"Inu, Kuya. Zaka zonsezi ndakhala ndikukwecha zolakwitsa zanu."

Bambo anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye msanga.

Azakhali anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi, akuchapabe nsalu za paguwa, akukanganabe ndi komiti pa nkhani ya maluwa. Mwezi wathawu anadwala mwakayakaya, analandira sakramenti la kudzoza odwala, ndipo ine ndinaona kuti ndikachedwa ndikhala nalo bodza langa mpaka kumanda. Ndinagwada n'kuwaululira.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero akumwetulira. "Usalire, Mila. Lako linali lakuda, likanangondiwonongera ntchito."

Anamwalira masana a tsiku lotsatira, mwakachetechete, tikunena nawo kolona. Ambuye awapatse mpumulo, munthu amene sanapumepo.

Tsopano tsitsi la chifaniziro chija layamba kuthothoka, ndipo pofika Lenti lifunika kusinthidwa. Amayi amene muli ndi imvi, lekani kuzipaka zakuda, mudzalembetse kwa ine ikatha Misa. Dzina langa lili kale pamwamba.