Chilembo chosalankhula

Ku sukulu ya mishoni ku Blantyre aphunzitsi anatipatsa lamulo la Chingerezi: mawu akayamba ndi a, e, i, o kapena u, patsogolo pake ika an, akayamba ndi chilembo china, ika a. Ndinaliloweza ngati pemphero, n'kumaliimba njira yonse yobwerera ku Chirimba. Mayeso anali Lolemba, ndipo wolephera ankadziwiratu kuti akasenza mitolo ya fodya ku Limbe.

Lachisanu ndinalemba a hour ndi an European pa sileti. Aphunzitsi anangodula zonse ziwiri, belu n'kulira. Zinandiwawa kwambiri. Lamulo ndatsata, nanga cholakwa n'chiti?

Bambo anga ankaphikira mzungu ku Nyambadwe, ndipo pensulo anali asanaigwirepo. Ndivomere, Chingerezi chawo ndinkachiderera kuti n'chakukhitchini. Lamlungu masana anandipeza pakhonde nditagwira njakata.

"Watupa bwanji, iwe? Tawerenga ndimve."

Nditawerenga anaseka mpaka kutsokomola. "Dona akafuna nyama ikhale pamoto ola lathunthu amati an awa. Hawa wakoyo sindinamumvepo."

"Koma pali h apa, bambo," ndinatero mokwiya, chala pa sileti.

"Zimenezo ine sindiona. Tseka maso unene. Mawu akatuluka kukamwa kuli yasa, amafuna an kuti asawombane. Tati Yuropiyani. Wayasamula?"

Sindinayasamule. Ndinayesa egg, ndinayesa horse, ndinayesa mawu onse omwe ndinkadziwa, ndipo palibe limodzi lomwe linawatsutsa. M'Chinyanja chathu chilembo chilichonse chimalankhula, choncho sindinalotepo kuti china chingakhale pa pepala chili duu. Koma chondizizwitsa kwambiri chinali khutu la bambowo, lomwe linatola pakati pa mapoto chinthu chimene ine ndinachiphonya ndi maso awiri.

Lolemba pa mayeso panabwera honest. Ndinatsinzina, ndinanong'ona, ndipo ndinalemba an ngakhale dzanja linkakana. Ndinakhoza.

Pepalalo ndinathamanga nalo kunyumba. Bambo anapukuta manja, analilandira ndi manja awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali atalizondotsa. Sindinalimbe mtima kuwatembenuzira.

"Tandiloza," anatero motsitsa mawu, "an wanga uja ali pati?"