Mwana Wanga Adamutcha Mwatitaya

Ndidaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndidapeza mkazi wanga Elube akusenda mango aawisi kuti awaphike. Anali ndi pakati pa miyezi inayi. Mvula inali itadula zaka ziwiri zotsatizana, ndipo chimanga cha m'munda wa amayi ake, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, chidauma chisanamasule. Tonse awiri tinali ndi mapepala a uphunzitsi m'chikwama, koma ntchito inali isanatuluke. Ine kwathu ndi kwa Kalembo ku Balaka. Kwa Elube ndinali mkamwini, ndipo mkamwini wosabweretsa chakudya amaonekera patali ngakhale atakhala kuseri kwa nyumba.

"Ndikakhala miyezi isanu ndi umodzi basi," ndidamuuza.

Sadasiye kusenda. "Pita. Koma dzina lija lisasinthe."

Dzinalo tidalitola ku koleji. Mnzathu wina anali ndi laputopu yodzaza makatuni a ku Japani, ndipo Loweruka masana tinkaunjikana m'kalasi kuonera. Poyamba Elube ankandiseka. "Munthu wandevu kuonera zidole, manyazi ulibe?" Kenako katuni imodzi idamugwira iyeyo kuposa ine. Inali ya kamtsikana konyamula mbewu ya mpunga m'kansalu, kakudutsa dziko louma. Anthu anjala ankakapempha kuti adye mbewuyo, iko nkumakana mpaka katapeza madzi. Dzina lake kanali Minoha. Elube adati mwana wake woyamba akadzakhala wamkazi adzakhala Minoha. Nthawi imeneyo ndinali ndisanamufunsire nkomwe.

Ku Joni ndidapeza ntchito pa famu ya nkhuku kunja kwa mzinda. Tinkagona anthu asanu m'kachipinda ka malata, aliyense ndi foni yake ndi nkhawa zake. Ndinkatsuka zomwera nkhuku, kuwola zitosi, kunyamula matumba a chakudya chimene kwathu anthu akadachipeta nkuchiphika. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Lamulungu anzanga akapita kukamwa, ine ndinkakhala pa ndowa kufufuza dzina lija pa foni. Sindidapeze Mmalawi ndi mmodzi yemwe wotchedwa Minoha. Ngakhale ku Japani komweko lidaoneka kuti ndi losowa, ndipo olemba za maina sankagwirizana za tanthauzo lake. Nditamuuza Elube, adanditumizira mawu pa foni akuseka.

"Ndiye bwinotu. Ine pophunzira ntchito ndinali ndi a Chisomo asanu m'kalasi imodzi. Wanga akadzaitanidwa adzaimirira yekha. Fanuwelo, akakhala wamkazi ndi Minoha, wamva? Amalume asadzakupatse maina awo aja."

Mu Malichi, dzuwa lili pamutu, adandiimbira a Sumani, amalume ake a Elube, amene ndiwo eni mbumba pamudzipo. Adati Elube wachira mwana wamkazi, koma Elubeyo watisiya. Magazi anali ochepa m'thupi, ndipo njinga yamoto idachedwa. Adati maliro ndi mawa.

Basi yochokera kumeneko imayenda masiku awiri, ndipo masiku a pa pasipoti yanga anali atatha kale. Ndidati ndibwerabe.

"Iyayi, akamwini," adatero a Sumani. "Mudzapeza titakwirira kale. Khalani konko muzitumiza. Mwanayu akufuna thandizo, ifenso njalayi yatipanikiza. Mukabwera tidya chiyani?"

Ndidakhala. Tsiku limene ankaika mkazi wanga m'manda ine ndinali kutsuka zomwera nkhuku. Patatha sabata ndidaimba kuti mchombo ukagwa, mwana akamatuluka m'chikuta, dzina lake ndi Minoha. Ndidalitchula kawiri, ndidalilembanso pa uthenga. A Sumani adati, "Tamva." Miyezi isanu ndi iwiri yotsatira ndinkatumiza pafupifupi zonse zimene ndinkalandira. Ndikafunsa kuti Minoha ali bwanji, yankho linali lakuti mwana ali bwino. Sindidazindikire kuti palibe amene adalitchulapo dzinalo pa foni.

Ndidatsika pa Liwonde mu Okutobala, nkukwera minibasi ya ku Ntaja, kenako njinga yamoto. Pamudzi ndidapeza akuwiritsa chitedze tsiku lachiwiri, akutaya madzi nkuthira ena kuti chisawaphe. Ndidayamba ndapita ku manda ndi a Sumani. Za kumeneko sindilemba.

Mwana ankaleredwa ndi alamu anga a Sitela, akulu ake a Elube. Iwonso anali ndi khanda lawo, ndipo ankayamwitsa onse awiri. Ndidawapeza ataonda mpaka mafupa a pakhosi kuonekera. Adandipatsa mwana. Mphumi yake inali ya Elube. Ndidapempha buku la kusikelo kuti ndione mmene wakhala akukwerera, ndipo pachikuto, pamwamba pa dzina langa monga bambo, padalembedwa ndi bolopeni ya buluu: Mwatitaya.

Kwathu kuno dzina limalankhula. Munthu akakhala ndi mawu ndi mwamuna wake kapena apongozi ake, sawanena pamaso, amawaika pa mwana. Ndidakula ndi a Mwandida ndi a Mumderanji, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa kuti dzina lililonse likuloza yani. Ili linkaloza ine. Mwana wanga adzaliyankha kusukulu, ku chipatala, pa tsiku la ukwati wake, ndipo aliyense womufunsa kuti adakutayani ndani, adzamuuza kuti ndi bambo ako.

Sindidakuwe. Ndidapempha kuti tikhale pansi. Adabwera a Sumani, apongozi anga aakazi, ndi a Sitela ali ndi ana awiriwo.

"Amalume, dzina lija ndinakuuzani."

"Munatiuza, inde. Koma dzina limeneli ndi la mtundu wanji? Kuchokera kwa agogo athu palibe amene anakhalapo Minoha. Ku sikelo adokotala akanafunsa kuti ndi Chiyao kapena Chilomwe, ife tikanayankha chiyani? Ana akuti ndi la chidole cha pa kanema. Mwana wa munthu nkumupatsa dzina la chidole?"

"Ndiye munaona kuti labwino ndi ili? Amene anandiuza kuti ndisabwere ndani?"

A Sumani adayang'ana kumbali. "Zimenezo zinali za njala, akamwini. Komanso kuno mwana ndi wa kuchikazi. Inu mukudziwa."

Pamenepo ndidalakwitsa. Ndidatulutsa foni kuti amve okha kuti dzinalo silinali langa. Mawu a Elube adamveka pabwalo ponse, akuseka, akunena za a Chisomo asanu. Ine ndinali nditawamvera kambirimbiri ku Joni, ndipo ndidaiwala kuti anthu awa adamumva komaliza akubuula. Apongozi anga adagwira mutu nkugwa chammbali. Amayi a nyumba zoyandikana adathamangira kuno akulira, poganiza kuti kwagwanso maliro. A Sumani adaimirira.

"Mwatidzutsira wakufa masana ano? Sukulu yanuyo ndi imeneyi?"

Anthu atabalalika tidatsala ine ndi a Sitela. Sadalire. Adasamutsa mwana wanga kuchoka ku bere lina kupita ku lina.

"Alamu, amalume asiyeni. Dzinalo ndinapereka ndine."

Ndidawayang'ana.

"Elube anandiuza za Minoha wakeyo. Anandiuza tili pa msewu kudikira njinga, magazi akutsika m'miyendo. Sindinaiwale. Koma atamwalira, pomusambitsa ndinali ine, pomukulunga ndinali ine. Anthu akufunsa kuti mwamuna wake ali kuti, ine ndikuti ali ku Joni. Mwanayu wayamwa chitedze kudzera mwa ine. Ndalama zanu zinafika, sindikukana. Koma ndalama sinanyamule maliro."

"Anandiletsa kubwera, alamu."

"Anakuletsani, inu nkumvera. Elube akanamvera?"

Mkwiyo wanga sudachoke. Ndikawaganizira a Sumani, amene adandiuza kuti ndikhale kenako nkukhala chete mlandu wa kukhalako ukulembedwa pa mwana wanga, ndimakwiyabe. A Sitela anali ndi chifukwa chondida. Akadanditukwana pa foni, akadandithira madzi a chitedze pamaso pa mudzi wonse, ndikadalandira. Koma adatenga chinthu chimodzi chokha chimene mng'ono wawo adapempha akufa, nkuchisinthanitsa ndi mawu ondilasa ine. Ndili kutali ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene kuli anthu ondidikira. Ndidapeza kuti mlandu wanga adauzenga kale ine kulibe, ndipo chigamulo adachibereka kumsana kwa khanda.

Tsiku la sikelo lotsatira ndidapita ndekha ndi mwana. Mlangizi wa zaumoyo adamvetsera nkhani yanga, nadula mzere pa dzina lakale. Adandipempha kuti ndimutchulire zilembo chimodzichimodzi.

"Zaka zonsezi ndikulemba maina, ili ndiye sindinalimvepo," adatero. "Likutanthauza chiyani?"

Ndidati ndi dzina limene adasankha mayi ake.

Pobwerera ndidakhala naye pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira. Ndidamuitana. "Minoha." Ankayang'ana nyerere. Ndidaitananso, ndi kachitatu. Titafika pamudzi a Sitela adangoti, "Taya!" ali patali ndi ndowa pamutu, mwana adatembenuka thupi lonse nkuyamba kuseka, manja ali m'mwamba.

Tikiti yobwerera ku Joni ndinali nditagula kale. Ndidaigulitsa kwa munthu wa ku Ntaja. Mwambo umati mkamwini mkazi wake akamwalira amamasulidwa nkubwerera kwawo, ndipo a Sumani andikumbutsa zimenezi kawiri. Mwana sangandipatse, akuyamwabe, ndipo ndikapita kwa Kalembo kapena ku Joni, buku lidzanena zina, mudzi udzanena zina, ndipo mwana adzamvera mudzi. Choncho ndikukhalabe m'nyumba ya Elube, pamudzi pamene sakundifuna. Ndimalima ganyu m'madimba a m'mbali mwa nyanja, malipiro ake nthawi zina ndi madeya. Masana ndimaphunzitsa ana ochepa pakhonde. Ndi a Sitela timalankhulana za phala ndi sopo basi.

M'boma lonse la Machinga ndikukhulupirira kuti muli Minoha mmodzi, ndipo womuitana choncho ndi munthu mmodzi. Ndimamuitana m'mawa pomusambitsa, pomudyetsa, pomubweza kwa alamu anga. Uno ndi mwezi wachitatu.

Dzulo ndidamuitana ali chofulatira pamphasa, ndipo adatembenuka. Ndinali ndi supuni ya phala m'manja, mwina ankatsata imeneyo. A Sitela anali pomwepo akupeta madeya. Adaona, napitiriza kupeta. Ndidaika supuni pansi, ndidabisa mbale kumbuyo kwanga, ndidadikira kuti afulatirenso.