Chivindikiro cha Poto M'madzi a Soda

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Joni, pa fakitale yokonza zitsulo za ndege. Sasula ndipo sapala. Amamata chitsulo ndi mankhwala onga labala, n'kusenda malo amene akufuna kuti apepuke, kenako n'kuchiviika m'madzi amene amadya chitsulo pang'onopang'ono. Pa foni ndinkangovomera, osamvetsa.

Chaka chimene tinamanga chiliza cha mayi ake anabwera kumudzi. Dzina limene tinalemba ndi penti pamtanda linali litafufutika ndi mvula. Anandipempha chivindikiro cha poto wamkulu amene malemuwo ankaphikira alendo a mpingo, kuti alembepo dzina losafufutika. Chinali chokhacho, ndipo anandiuza poyera kuti chikakhalitsa m'madzimo chibooka. Ndinapemphera masiku awiri, ndinamupatsa.

Anachiwongola, anachimata phula lomatira malata mbali zonse, n'kudula zilembo paphulapo ndi lumo. Soda wopangira sopo tinakagula ku Lisungwi. Tsiku loviika, alamu anga, mlongo wa malemu, anakhala pafupi ndi beseni.

“Eti mphwanga, ndiye sukulu yonse ija unkaphunzira kuviika mphale?”

“Amalume, sunthani, mpweyawu si wabwino.”

Madzi anayamba kuchita thovu. Mwana maso anali pa wotchi ya pa foni, magolovesi m'manja. Atatsala pang'ono kuvuula, alamu anaimirira.

“Kodi chinangwa chimavunda mphindi? Chisiye chigone, zilembo zizame! Alamu, muuzeni mwanayu.”

Kwathu kuno mawu a malume salumphidwa, ndipo ine ndine mkamwini pamudzipo. Mumtima ndinkaonanso ngati akunena zoona, poti chilichonse chimene timaviika chimafuna masiku. Mwana anandiyang'ana.

“Ababa?”

“Alamu, pepani,” ndinatero. “Ntchitoyi mwini wake ndi uyu. Vuula, mwanawe.”

Anavuula, anatsuka ndi madzi ambiri, n'kuchotsa phula ndi palafini. Zilembo zinali zitalowa bwino, zoti ngakhale chala chikhoza kuwerenga. Pa chilembo chomaliza chitsulo chinali chitapyapyala kale ngati tsamba.

Alamu anapapasa pamenepo nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati ndege zimene zimadutsa pamwamba pa mapiri athuwa zili ndi zitsulo zake. Mwana anati mwina zina.

Loweruka amisiri anachimatira pachiliza. Amene anachinyamula kuchokera kunyumba ndi alamu omwewo, atachikulunga m'jekete yawo, ndipo aliyense amene tinakumana naye panjira ankamuimika kuti aone.