Mbaula Siidzalowa M'galimoto Mwanga

Mdzukulu wanga wachisanu anabadwa masiku asanakwane, wa miyezi isanu ndi iwiri, pakati pa Juni. Pomutulutsa m'chipatala ku Kabudula, anamwino anatiuza kuti azikhala pachifuwa cha mayi ake usana ndi usiku, ndipo Lachiwiri lililonse tizibwera naye kusikelo m'mamawa. Akangozizidwa, anatero, mwamutaya.

Kuchokera kwathu msewu umadutsa madambo awiri, ndipo nkhungu ya m'Juni imalowa mpaka m'mafupa. Galimoto ndili nayo, yakale, ya ndalama za fodya, anandisiyira malemu amuna anga. Ndimayendetsa ndekha. Madalaivala ndinayesapo atatu, onse petulo ankangowathera m'njira zosadziwika.

Lachiwiri loyamba ndinapotokola hita mpaka kofiira. Mphepo inkatuluka ndithu, koma yosafunda. Galasi lakutsogolo linachita nthunzi, ine dzanja limodzi pachiwongolero, lina ndikupukuta ndi chitenje. Titafika, anamwino anagwira timapazi ta mwana, nandiyang'ana. Kuyang'ana kumeneko ndinakumva.

Kunyumba mkamwini wanga, bambo a khandalo, anabwera ndi nzeru. Akuti tiziika mbaula ya makala pamapazi kumpando wakumbuyo, mawindo onse otseka. Akuti hita za magalimoto a kunja zimafa zikangofika kuno, palibe amene amataya nthawi kuzikonza. Ine ndakalamba ndikuona anthu akuwatulutsa m'nyumba ali lenguu chifukwa cha makala. Akuluakulu amenewo, nanji kamunthu kolemera ngati paketi ya shuga.

"Apongozi," ndinatero, "mbaula yanuyo muziwotcherapo chimanga. M'galimoto mwanga siidzalowa ine ndili moyo."

Mwana wanga, mayi wa khandalo, anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti Lachiwiri likafika hita ikadali yozizira, amvera mwamuna wake, mwina m'galimoto ya wina kumene ine kulibe.

M'mawa mwake ndinali pa Nsaru. Makaniko woyamba, asanatsegule n'komwe boneti, anati fani yafa. Ndinayatsa, ndinamugwira dzanja n'kuliika pamene pamatulukira mphepo, kenako ndinanyamuka. Wachiwiri anali bambo wa imvi, kagalaja kake kuseri kwa chigayo. Anati ndisiye galimoto, ndidzabwere mawa. Ndinatulutsa kampando kanga m'buti n'kukhala pambali pa tayala. Galimoto yanga sigona kwa eni. Imapita ndi batire labwino, imabwera ndi lina.

Anandifunsa kuti kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kamaima pati ndikamayenda. Ndinayankha monyada kuti sikachoka pansi, chiyambire chaka chimene injini inawira, mnyamata wina wa ku Namitete n'kuikonza. Anaseka. Akuti m'njira ya madzi mumakhala kachitsulo ka sipuling'i, themositati, kamene kamatsekera madzi mpaka injini itenthe bwino. Ambiri akaona galimoto yawira amangokachotsa n'kutaya, ati kuno n'kotentha kale. Ndiye injini imayenda yozizira moyo wake wonse, pamene hita imadalira madzi otentha omwewo.

Sindinamukhulupirire. Ndinamuuza amasule ndikuona. Anamasula mabawuti awiri, ndinalowetsamo chala changa, munalibe kanthu. Kusitolo tinapita tonse kukagula katsopano, ndipo kabokosi kake ndinatsegula ndekha.

Atakaika, tinaliza injini. Kamuvi kanayamba kukwera. Ndinati munthuyu akundiphikira galimoto. Anandiuza ndidikire. Katafika pakati kanaima, osasunthanso. Akuti malo ake ndi amenewo.

Koma mkati mphepo inangofundako pang'ono, ngati tiyi woiwalika. Ndinamuyang'ana. Iye anandiitanira kuboneti n'kundisonyeza mapaipi awiri akuda olowera kumene timakhala anthu. Anati ndigwire mosamala. Ina inandiwotcha, ina inali yongofunda.

"Kodi amayi, mumathira madzi anji muno?"

"A pamjigo. Amene ndimamwa ine."

"Nanga obiriwira aja a m'botolo?"

"Madzi othira utoto, eti? Ogulitsa kwa opusa."

Apa sanaseke, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka. Anafotokoza kuti kuseri kwa mawotchi a galimoto kuli karediyeta kakang'ono, timabowo take topyapyala ngati udzu. Madzi otentha amadutsamo, fani n'kuuzira. Madzi a pamjigo amasiya dzimbiri ndi matope, zaka zikamapita timabowoto timatsekeka. Wakuba amene ndinkamusaka pagalimoto imeneyi, theka lake ndinali ine. Kupepesa sindinapepese, palibe amene ndinamulakwira koma chitsulo.

Iye ankafuna aphwasule kutsogolo konse, masiku awiri kapena atatu. Ndinakana. Ndinamufunsa kuti paipi yakudimba ikatsekeka timaiphwasula kodi, si timangokankha madzi kuchokera kumene amatulukira? Anavomera kuti zimatheka, koma pamafunika madzi amphamvu pang'ono, ndipo mpopi wa pamalo pake unali wouma. Ndinamuuza kuti ine pampu ndili nayo, yopalasa ndi miyendo, yothirira tomato.

Loweruka ndinakamutenga ndekha. Galimoto tinaitsitsira kudimba, iye anachotsa mapaipi awiri aja n'kulumikiza paipi ya pampu yathu ku imene inali yongofunda. Wopalasa anali mkamwini. Ndinamuuza kuti poti nkhani ya kutentha amaidziwa, ayambe watenthedwa iyeyo. Poyamba sipanatuluke kanthu. Makaniko anati apalase mofatsa, karediyeta kangaphulike. Kenako paipi inatsokomola, n'kulavula zofiirira ngati madzi otsukira mbatata, ndi timiyala take. Anatembenuza, uku ndi uku, mpaka madzi anayera. Mkamwini malaya ali chonyowa.

Madzi obiriwira ndinagula, koma chotsekera ndinadula ndekha. Pothira, makaniko anandiuza ndikwezetse mphuno ya galimoto pachulu kuti mpweya wotsalira m'mapaipi utuluke. Tinaima pamenepo injini ikulira, timathovu tikutuluka, iye akuwonjezera pang'onopang'ono. Nditagwiranso mapaipi, onse awiri anandiwotcha.

Lachiwiri ndinaliza injini mayi ndi mwana asanatuluke m'nyumba. Mkamwini anakhala kutsogolo, manja ali m'thumba la jekete. Padambo loyamba anatulutsa manja. Galasi linali mbee, ndinkaona ngakhale ng'ombe zili m'nkhungu. Tikuyandikira lachiwiri, mwana wanga analankhula kumbuyo.

"Amayi, tachepetsaniko. Akuchita thukuta."

Ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu. Chitseko sindinatsegule. Ndinatembenuka, n'kulowetsa dzanja langa pansi pa nsalu mpaka pamsana pa khandalo. Kamwanako kanali kofunda, kakupuma bwinobwino. Ndinachepetsa, koma pang'ono pokha.