Chaka Chimene Atate Anaphika Chikanda

Fungo la chikanda chikamapsa pamwamba, makala ali pachivindikiro, silifanana ndi fungo lina lililonse. Muli nsinjiro, muli tsabola, ndipo pansi pake muli kafungo ka dothi, ngati mvula yoyamba yagwera mumphika. Masiku ano ndimalimva kuseri kwa loji ina ku Ngungu kumene ndimatsuka mbale, ndipo nthawi zonse limandibwezera kwathu ku Kasanda, m'tauni yomweyi ya Kabwe, m'nyengo ya mphepo ya chaka chimene amayi anamwalira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sindikonda nkhani zazitali, ndiye ndingonena mmene zinayendera.

Amayi anali ndi tebulo pamsika wa ku Katondo, mumzere wa azimayi ogulitsa chikanda. Linali tebulo la matabwa akale, mwendo umodzi utatsamira panjerwa, koma ndi limene linkatidyetsa kuyambira pamene ntchito ya atate inatha ku njanji. Atate anali wophika m'kantini ya antchito a sitima. Ankadziwa supu, nyama yootcha, mabanzi, zakudya zonse za mabwana. Chikanda anali asanachigwirepo. Kwathu mwamuna ankachidya ndi mowa, sankachiphika.

Azimayi a mumzerewo anali ndi lamulo lawo. Mnzawo akamwalira, ankaphimba tebulo lake ndi chitenje n'kulisunga mpaka abale amalize kulira. Kenako wachibale wa malemuyo ankabwera kudzaphika pamaso pawo. Chikanda chikatuluka mumphika n'kuima chokha pathireyi, tebulo linali lake. Chikagwa, tebulo linkapita kwa wina. Ife wamkazi wamkulu tinalibe. Azakhali anabwera kumaliro kuchokera ku Katete, analira mokweza kuposa aliyense, ananyamula mapoto awiri abwino n'kubwerera kwawo. Pakhomo tinatsala atate, ine, ndi mlongo wanga Dalitso wa zaka zitatu.

Ndiye tsiku lina atate anasita apuloni yawo yoyera ya ku njanji, anandikweza pakeliyala ya njinga, tinapita ku Katondo. Mkulu wa mzerewo anali Bana Mulenga, mayi wa Chibemba wa manja aakulu, amene mawu ake ankamveka mpaka pokwerera mabasi. Anayang'ana apuloniyo, kenako nsapato za atate.

"Ba Tembo, mwasowa njira? Ku mowa ni uko."

"Ndabwerera tebulo la amake Esnati," anatero atate, kutchula amayi ndi dzina langa.

Mzere wonse unaseka. Mayi wina anachita kukhala pansi chifukwa cha phwete. Bana Mulenga sanaseke kwambiri, chifukwa iwo ndi amayi ankagawana mchere ndi miseche kwa zaka zambiri. Anangoti lamulo silinatchule ndevu, ndiye abwere Loweruka adzaphike. Amene ankayembekezera tebulolo anali mwana wa mchemwali weniweni wa Bana Mulenga, mtsikana amene anali kale ndi mphika watsopano.

Apa ndiyenera kunena za fumbi. Amene sanakhalepo ku Kasanda amaganiza kuti fumbi ndi fumbi. Lathu linkachokera ku mulu wakuda wa zinyalala za mgodi, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikayamba linkalowa paliponse: m'mabulangete, m'shuga, m'makutu, m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Likakhala palilime linkamveka ngati wanyambita kiyi. Miyezi ingapo amayi asanamwalire, a kuchipatala anayeza magazi a Dalitso n'kunena kuti muli mtovu wambiri. Anatiuza kuti mwana asamasewere padothi. Anthu a mumsewu mwathu anaseka, amvekere asewere kuti, m'mitambo? Koma atate sanaseke. Ankawaza madzi pabwalo m'mawa uliwonse, ankatisambitsa m'manja mpaka khungu kuyera, ndipo chakudya chilichonse chinkakhala chovindikira.

Vuto ndi lakuti chikanda chimafuna dzuwa. Chimapangidwa ndi timizu tofanana ndi timbatata tating'ono. Umatitsuka, umatisinja pang'ono, umatiyanika mpaka tiume gwa, ndiye umasinjanso kuti pakhale ufa. Aliyense ankayanika pasaka, pabwalo, poyera. Amayinso ankatero. Atate anakana. Anayala timizuto patebulo la m'chipinda, anatseka mazenera, anaphimba ndi neti ya udzudzu. Nyumba yonse inanunkha ngati munda wa m'dambo. Pofika Lachisanu ankati tauma, koma nditasinja, munsi unkangoti tefu tefu, ndipo ufawo unkamatirira kusefa.

Loweruka tinapita ndi mbaula yathu. Atate anaphika mwaulemu wonse wa ku njanji, chopukutira paphewa, masupuni atawandandalika ngati asilikali. Anawiritsa nsinjiro, anathira mchere, soda ndi tsabola, anayamba kuwaza ufa uja uku akuvundula. Anaika makala pamwamba, anadikira, anazizitsa. Kenako anatembenuza mphika pathireyi n'kuukweza. Chikandacho chinaima kanthawi kochepa ngati chikuganiza, kenako chinakhala pansi n'kuyamba kuyenda. Chinafika m'mphepete mwa thireyi n'kudontha pansapato ya atate. Anyamata a pamalo ometera tsitsi anakuwa kuti bweretsani makapu, phala lapsa.

Bana Mulenga anatapa ufa wotsala m'beseni n'kuufinya pakati pa zala. Unaumbika ngati dongo.

"Simunayanike, imwe. Ikani padzuwa, pasaka, monga anthu onse."

"Fumbi la kwathu mukulidziwa, Bana Mulenga," anatero atate. "Chimene ndikuletsa mwana wanga sindingadyetse ana a eni ake."

Azimayi angapo pamenepo ankakhalanso ku Kasanda, ndipo ana awo anali atayezedwanso. Mtsikana wa mphika watsopano anayamba kale kuchotsa chitenje patebulo. Bana Mulenga anamumenya padzanja. Anati mwamuna ndi wophunzira mochedwa, amupatse Loweruka lina, koma likakhalanso phala asadzamuonenso mumzeremo ngakhale kudzagula.

Sabata imeneyo kusukulu ankanditcha mwana wa amayi a ndevu. Mnyamata mmodzi ndinam'thyola dzino ndi bokosi la masamu, ndipo mpaka lero sindinapepese. Kunyumba atate ankangozungulira pabwalo, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ana mulu wakuda uja, ngati akufuna kuwalekanitsa ndi maso. Kenako anaima pakhola la nkhuku. Chitseko cha kholalo chinali zenera la sitima, galasi lochindikala la m'felemu yachitsulo, limene anapatsidwa kalekale pamene ankaphwasula ngolo yakale. Analimasula, nkhuku zinabalalika, analitsuka ndi sopo kangapo mpaka linawala.

Anakhoma bokosi la matabwa lalitali ngati bedi la mwana, anayala lata pansi pake, anaboola timabowo m'mbali n'kutitseka ndi nsalu yopinda kawiri kuti mpweya uzidutsa koma fumbi lizitsala. Pamwamba anaika zenera lija. Analikweza pamigolo iwiri pamalo amene dzuwa linkafika tsiku lonse. Aneba ankaima pampanda n'kumafunsa ngati a Tembo ayamba kukhoma mabokosi a maliro a nkhuku.

Ntchito yanga inali kupukuta galasilo ndi nsanza yonyowa ndikaweruka kusukulu. Ndinkalipeza litachita bii, moti ndinkayamba ndalembapo dzina langa ndi chala, ESNATI, zilembo zikuluzikulu, ndisanalipukute. Atate akandiona ankandikokera kubeseni la sopo. Koma ndikasuzumira kudzera m'zilembozo ndinkaona chikanda pansi, chili mbee, chikukwinyika ndi kutentha. Ukatsegula, mpweya wamoto unkakumenya kumaso ndi fungo la dothi loyera. Chitauma, chinkalira m'manja ngati timiyala. Nditasinja, munsi unalankhula mawu ena, ndipo ufa unatsika m'sefa ngati utsi.

Anaphika mphika waung'ono woyesera, nandipatsa ine kuti ndilawe, chifukwa lilime langa linali lisanaiwale cha amayi. Ndinawauza kuti tsabola wachepa. Anandiyang'ana ngati bwana wawadzudzula, kenako anakatenga tsabola wina.

Loweruka lachiwiri anthu anachuluka kuposa loyamba. Nkhani ya phala inali itayenda, ndipo anthu a ku Kabwe sasiya zoseketsa zaulere. Ogulitsa makala anasiya matumba awo, makondakitala anasiya mabasi. Atate sanayang'ane munthu. Anawaza ufa pang'onopang'ono, mthiko ukuzungulira, ndipo phalalo linayamba kulimba, kusintha mtundu, kuchoka poyera kufika pofiirira ngati chiwindi. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo mpaka apuloni inamata. Mthiko unayamba kukana, mitsempha ya m'manja mwawo inatuluka. Ananyowetsa chikhato n'kusisita pamwamba, ndipo palibe chinamatirira. Anaika chivindikiro ndi makala. Fungo lija linadzaza mzere wonse, ndipo anyamata ometa aja anasiya nthabwala.

Kudikira kuti chizizire kunali kowawa kuposa zonse. Dalitso anagona kumsana kwanga. Pomaliza atate anachita chizindikiro cha mtanda, anayendetsa mpeni m'mbali mwa mphika, anautembenuza, anaugogoda kumbuyo, n'kuukweza.

Chinaima. Chinaima chozungulira, chosalala, chikunjenjemera pang'ono ngati nyama ya ng'ombe yonenepa, ndipo sichinapite kulikonse. Bana Mulenga anatenga mpeni wawo, osati wa atate, anadula pakati penipeni. Mpeni unatuluka woyera. Anaika kachidutswa m'kamwa n'kutafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Ndinadziwa chimene ankafufuza. Chikanda cha ku Kasanda nthawi zonse chinkakhala ndi kamchenga kolira m'mano, ndipo tonse tinkaganiza kuti ndi mmene chikanda chimakhalira. Anatafuna, anatafuna, osakapeza.

"Mchere mwachulutsa, Ba Tembo," anatero. "Manje chotsani chitenje icho, muzatithamangitsira makasitomala."

Nthungululu zinaphulika. Mayi amene anaseka mpaka kukhala pansi uja ndi amene anayamba kuvina. Atate anapinda chitenje cha amayi mosamala, anandimanga nacho m'chiuno pamwamba pa Dalitso, kenako anaima kuseri kwa tebulo, mwamuna wamtali wa apuloni yoyera pakati pa azimayi a maduku, n'kufunsa munthu woyamba kuti adule chachikulu bwanji. Pasanapite nthawi thireyi inali mbee. Kondakitala wina ananyambita pepala.

Nyengo yonseyo inali yathu. Anthu ankachoka ku Ngungu kudzafuna chikanda cha bambo wa zenera. Mnyamata wa pawailesi ya m'tauni anabwera ndi kachipangizo kake, ndipo atate analankhula Chingerezi cha ku njanji chimene ine sindinkadziwa kuti ali nacho. Azimayi atatu a mumzerewo anabwera kwathu ndi magalasi a mazenera akale kuti awakhomere mabokosi, ndipo woyamba anali mtsikana wa mphika watsopano uja. Bana Mulenga sanapemphe. Anangotumiza galasi ndi mwana wawo Mulenga pawilibala. Kusukulu dzina la amayi a ndevu linafa lokha, chifukwa ana omwewo ankandizungulira pa nthawi yopuma kuti ndiwagawire zam'mphepete zopserera.

Musaganize kuti tebulolo linatipititsa patali. Ine sukulu ndinalekera giledi naini. Dalitso mpaka lero kuwerenga kumamuvuta, ndipo palibe wa ku mgodi amene anabwera kudzapepesa. Atate miyendo inatupa, pano amagulitsa atakhala pampando. Mwezi watha wophika wamkulu wa paloji pathu anandionetsa pafoni anyamata a ku Lusaka a zipewa zazitali akudula chikanda tizidutswa tonga mabatani, kakatsamba pamwamba, ndipo olemba nkhani akuti atulukira chakudya cha makolo. Ndinamubwezera foni yake n'kupitiriza kutsuka mbale. Atulukire. Mwamuna woyamba amene ine ndinamuona akuvundula chikanda anachita zimenezo msika wonse ukuyembekeza kuti agwe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti atate anapambana chifukwa chikanda chinaima, ndiponso kuti galasi lija linali bolodi langa lolembapo dzina. Ndinakula kaye kuti ndizindikire kuti fumbi limene ndinkapukuta masana aliwonse ndi lomwe tinkatafuna zaka zonse m'chikanda cha amayi. Atate ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku limene anakweza bokosi pamigolo. Sananenepo, kwa ine kapena kwa wina aliyense. Ogula akafunsa kuti anaphunzira kuti kuphika chotere, ankangoyankha kuti ndi cha amake Esnati.